CHIDINDO CHA PA DNA: MBIRI YA KANTHU KAMENE KAMATONTHOLETSA MAJINI

Munthu aliyense amayamba moyo wake ngati selo limodzi, kanthu kochepa ngati nsonga ya singano. Selo limenelo limagaŵikana paŵiri, aŵiriwo nakhala anayi, anayiwo nakhala asanu ndi atatu, mpaka thupi lathunthu litaumbika ndi maselo a mitundu yoposa 200: a khungu, a chiŵindi, a ubongo, a minofu ndi ena otero. Chodabwitsa nchakuti pafupifupi maselo onseŵa amasunga malangizo ofanana. Malangizowo adalembedwa pa ulusi wautali wotchedwa DNA, ndipo ndime zake zimatchedwa majini, dzina losakhudzana konse ndi majini a m'nkhani za mizimu. Tsono ngati buku la malangizo ndi limodzi, nchiyani chimachititsa selo la chiŵindi kuŵerenga ndime za chiŵindi zokha, ndi kubala maselo amene nawonso amakhala a chiŵindi osasanduka a khungu?

Yankho lake lili ndi mbali zingapo, koma imodzi mwa zikuluzikulu ndiyo kachizindikiro kamene selo limadinda pa DNA yake, kamene akatswiri amakatcha methyl. Chidindo chimenechi sichisintha mau olembedwawo ai, koma chikagwera pamalo oyenera chimatontholetsa ndime yonse kuti isaŵerengedwe. Mbiri yake ili paŵiri. Pali mbiri yaifupi ya anthu amene adachitulukira m'zaka 100 zapitazi, ndiponso pali mbiri yaitali ya chidindo chenichenicho, imene idayamba dziko lisanaone mtengo, nsomba kapena munthu. Mbiri yaitaliyo ikusonyeza kuti chidindochi chidayamba ngati chida chodzitetezera kwa adani, ndipo padapita nthaŵi yaitali zamoyo zina zisanachisandutse chida cholongosolera thupi.

Chilembo chachilendo

DNA idapezeka koyamba mu 1869, pamene Friedrich Miescher, dokotala wachinyamata wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku Tübingen m'dziko la Germany, adaipatula kuchokera m'mafinya a pa nsalu zomangira zilonda. Patapita zaka kudadziŵika kuti ulusiwo uli ndi tizidutswa ta mitundu inayi, timene timaimiridwa ndi zilembo A, C, G ndi T. Ndondomeko ya zilembo zinayizi ndiyo mau a malangizo, ndipo malangizo athunthu a munthu ali ndi zilembo pafupifupi 3,000 miliyoni.

Mu 1925 Treat Johnson ndi Robert Coghill a pa Yunivesite ya Yale ku America adalengeza kuti apeza chilembo C cha mtundu wachilendo m'kachilombo koyambitsa chifuŵa chachikulu. Anzawo ambiri adakayika, ndipo nkhaniyo idagona kwa zaka zoposa 20. Mu 1948 Rollin Hotchkiss wa pa Rockefeller Institute ku New York adaona chilembo chachilendo mu DNA ya mwana wa ng'ombe, ndipo posakhalitsa Gerard Wyatt, ali ku Cambridge, adatsimikiza kuti chimapezeka m'nyama ndi m'zomera zomwe, makamaka m'tirigu. Chidali chilembo C chomwechija, koma chitasenza kamtolo ka atomu imodzi ya kaboni ndi maatomu atatu a haidrojeni. Kamtolo kameneka ndiko methyl. Pa nthaŵiyo padalibe wodziŵa ntchito yake. James Watson ndi Francis Crick atafotokoza mu 1953, mothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin, kuti DNA ndi zingwe ziŵiri zopotana, maso a akatswiri adatembenukira ku zilembo zinayi zija, chachilendocho nichitsala m'mbali.

Phunziro lochokera kwa mabakiteriya

Ntchito ya chidindochi idayamba kuonekera pa mabakiteriya. Tizilomboti nato tili ndi adani: mavairasi amene amaloŵetsa DNA yawo m'kati mwa bakiteriya ndi kumukakamiza kupanga mavairasi ena mpaka ataphulika. M'zaka za m'ma 1960 Werner Arber wa ku Geneva ndi anzake adasonyeza m'mene bakiteriya amadzitetezera ndi ma enzyme, ndiwo mapuloteni ogwira ntchito za m'selo. Mtundu wina wa ma enzyme umadula DNA iliyonse imene ili ndi ndondomeko yakutiyakuti ya zilembo. Mtundu wachiŵiri umadinda methyl pa ndondomeko yomweyo mu DNA ya mwini wake, kuti wodula uja akafikapo apitirire. Monga mwini mbuzi amacheka khutu la ziŵeto zake kuti azizindikire pakati pa za anthu ena, bakiteriyanso amazindikira DNA yake poona chidindo, ndipo yopanda chidindo amaiyesa ya mdani naidula nthulinthuli. Chifukwa cha ntchito imeneyi Arber adalandira mphoto ya Nobel mu 1978 pamodzi ndi Daniel Nathans ndi Hamilton Smith.

Kodi selo limakumbukira bwanji?

M'zaka zomwezo ena adali kulimbana ndi funso la maselo a thupi lija. Mu 1962 John Gurdon wa ku Oxford adatenga nyukiliyasi, ndiko kathumba kosunga DNA m'selo, kuchokera m'matumbo a mbululu wa chule wa kumwera kwa Africa wotchedwa Xenopus laevis, naiika m'dzira limene adalichotsa nyukiliyasi yake. Mazira ena adakula nakhala ambululu athunthu. Apa padaoneka kuti selo la m'matumbo silidataye ndime za maso kapena za mtima: lidangozitseka. Chaka chimodzi izi zisanachitike, Mary Lyon wa ku Harwell ku England adali atafotokoza kuti mwa makromozomu aŵiri a X amene nyama yaikazi yoyamwitsa ili nawo, imodzi imatontholetsedwa m'selo lililonse mwana akali m'mimba, ndipo imakhala chete kwa moyo wonse. Nchifukwa chake mphaka wamaŵanga akuda ndi ofiirira pafupifupi nthaŵi zonse amakhala wamkazi.

Chimene chidatsala ndicho kudziŵa m'mene selo limapatsira ana ake chikumbumtima chimenechi. Mu 1975 Arthur Riggs wa ku California, ndiponso Robin Holliday ndi John Pugh a ku London, adapereka payekhapayekha ganizo lofanana. M'nyama chidindo chimagwera kaŵirikaŵiri pa C wotsatidwa ndi G. Popeza C amaphatikana ndi G wa pa chingwe chinzake, malo otere amakhala ndi CG mbali zonse ziŵiri, ndipo mbali zonsezo zimadindidwa. Selo likafuna kugaŵikana, zingwe ziŵiri zija zimalekana ndipo chilichonse chimapangiridwa chinzake chatsopano chopanda chidindo. Pamenepo enzyme yokopera imayenda ikuona chingwe chakale, ndipo paliponse pamene ipeza chidindo imadindanso pa chatsopano. Motero chimene selo lidatseka chimakhala chotsekabe mwa ana ndi adzukulu ake.

Umboni sudachedwe. Peter Jones, amene adabadwira ku Cape Town nakulira ndi kuphunzira m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, adasonyeza mu 1980 pamodzi ndi Shirley Taylor ku Los Angeles kuti mankhwala otchedwa 5-azacytidine amaletsa kudinda, ndi kuti maselo wamba a mbeŵa akapatsidwa mankhwalawo ena mwa iwo amasanduka maselo a minofu. Mu 1988 Timothy Bestor adapeza jini la enzyme yokopera ya mbeŵa, imene lero imatchedwa DNMT1, ndipo poliŵerenga adaona kuti mbali yake yodindayo ikufanana kwambiri ndi ya ma enzyme a mabakiteriya aja. Mu 1992 En Li, Bestor ndi Rudolf Jaenisch adaononga jini limeneli mwa mbeŵa, ndipo ana ake adafera m'mimba. Pofika mu 1999 gulu la Li lidali litasonyezanso kuti ma enzyme ena aŵiri, DNMT3A ndi DNMT3B, ndiwo amadinda zidindo zatsopano pamalo pamene padalibe.

Adani a m'kati

Kufanana kumene Bestor adaona kudatsegula khomo la mbiri yaitali ija. Nyama, zomera, boŵa ndi tizilombo tina ta selo limodzi monga koyambitsa malungo zili m'banja limodzi lalikulu la zamoyo zimene maselo ake ali ndi nyukiliyasi. Akatswiri amazitcha ma eukaryote, ndipo zotsalira zake zakale kwambiri zopezeka m'miyala zili ndi zaka zoposa 1,600 miliyoni. Makolo a banjali adalandira ma enzyme odinda kuchokera kwa mabakiteriya. Koma adawasungiranji?

Mbali yaikulu ya yankho idachokera m'munda wa chimanga. Omvera ambiri adaonapo njere ya chimanga yokhala ndi timadontho kapena timizere ta mtundu wina. M'zaka za m'ma 1940 Barbara McClintock wa ku Cold Spring Harbor ku America, pofufuza njere zotere, adapeza kuti pali tizidutswa ta DNA timene timachoka pamalo pake nkukatera pena, ndipo tikatera pakati pa jini la mtundu wa njere timaliononga. Anzake ambiri sadalabadire, koma mu 1983 adalandira mphoto ya Nobel. Lero nkodziŵika kuti majini odumphaŵa ali ponseponse, ndi kuti ambiri a iwo amadzichulukitsa ngati namsongole m'munda. DNA ya chimanga itaŵerengedwa mu 2009, kudapezeka kuti pafupifupi magawo 85 mwa 100 ake ndi majini odumpha ndi zotsalira zawo. Mwa munthu ndi pafupifupi magawo 45 mwa 100.

Mu 1997 Bestor ndi anzake adanena kuti ntchito yaikulu ya chidindo ndiyo kumanga adani a m'katiŵa, pakuti zidindo zambiri za mu DNA ya nyama zoyamwitsa zili pa iwo, ndipo zikachotsedwa ena amadzuka. Adrian Bird wa ku Edinburgh adali ndi ganizo lina, lakuti chidindo chimatontholetsa phokoso la kuŵerenga kosafunika, kotero kuti nyama za msana zidatha kusamala majini ambiri. Mkanganowo udapeza kuŵala kwatsopano mu 2010, pamene gulu la Daniel Zilberman ku Berkeley lidayerekeza zidindo za mitundu 17 ya zamoyo, ndipo gulu la Steven Jacobsen ku Los Angeles lidayerekeza mitundu 8. Adapeza kuti zomera zapamtunda, mitundu yambiri ya boŵa ndi nyama za msana zimadinda majini odumpha. Adapezanso chinthu china chakale kwambiri: zomera ndi nyama zomwe zimadinda m'kati mwa majini amene akuŵerengedwa, ndipo pamenepo chidindo sichitontholetsa kanthu. Nyama zambiri zopanda msana, monga njuchi, zili ndi chidindo cha mtundu wachiŵiriwu makamaka, ndipo akatswiri akutsutsanabe za phindu lake. Popeza zomera ndi nyama zidalekana zaka zoposa 1,000 miliyoni zapitazo, zikuoneka kuti kholo lawo limodzi lidali kale ndi ma enzyme odinda ndi okopera.

Chidindo chili ndi mtengo wake

Chikhala kuti chidindochi chidali chabwino chokhachokha, bwenzi zamoyo zonse zitachisunga, koma zambiri zidachitaya. Yisiti yofufumitsira buledi ilibe chidindo cha pa C. Kanyongolotsi ka m'dothi kotchedwa Caenorhabditis elegans kalibenso, ndipo ntchentche ya zipatso yotchedwa Drosophila idataya ma enzyme onse aŵiri, wodinda ndi wokopera. Kutayaku kudachitika nthaŵi zambiri m'mafuko osiyanasiyana.

Chimodzi mwa zifukwa zake chidaoneka mu 1978, pamene akatswiri ofufuza bakiteriya wa E. coli adapeza kuti malo odindidwa ndiwo amachulukira zolakwa za zilembo. Chilembo C chimaonongeka chokha nthaŵi ndi nthaŵi. C wopanda chidindo akaonongeka amasanduka chilembo U, chimene sichikhala mu DNA, choncho okonza a m'selo amachiona msanga nachichotsa. Koma C wodindidwa akaonongeka amasanduka T, chilembo cha m'nyumba momwemo, ndipo cholakwacho chimavuta kuchigwira. M'kupita kwa mibadwo zolakwa zotere zidadya malo a CG mu DNA ya munthu, kotero kuti otsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chiŵerengero chimene chikadayembekezeka. Matenda ambiri obadwa nawo, ndi zolakwa zambiri zopezeka m'zotupa za khansa, zimayambira pamalo ameneŵa. Zamoyo zimene zidataya chidindo zimadalira njira zina, monga zizindikiro za pa mapuloteni otchedwa histone, amene DNA imakulungidwapo ngati ulusi pa kamtengo, ndi tizidutswa ta RNA, ulusi wachibale wa DNA, tolondola majini odumpha.

Pakati pa osunga ndi otaya pali kaboŵa kotchedwa Cryptococcus neoformans, kodziŵika bwino m'zipatala za ku Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe chifukwa kamayambitsa matenda oumitsa khosi mwa anthu amene chitetezo cha thupi lawo chafooka ndi HIV. Mu 2020 gulu la Hiten Madhani ku San Francisco lidasonyeza kuti makolo a kaboŵaka adataya enzyme yodinda zidindo zatsopano zaka zosachepera 50 miliyoni zapitazo, natsala ndi yokopera yokha. Komabe zidindo zilipo mpaka lero, makamaka pa majini odumpha, zikukoperedwa mbadwo ndi mbadwo. Zikadakhala zopanda phindu zikadafufutika kalekale.

Njira ya zomera ndi njira ya nyama za msana

Mwa zamoyo zimene zidasunga chidindo, zomera zidachikuza m'njira yawoyawo. Zimadinda C ngakhale pamene sakutsatidwa ndi G, ndipo mu 1994 Michael Wassenegger ndi anzake ku Germany, pofufuza fodya, adapeza kuti RNA imatha kulondolera enzyme malo oti idinde. Zomera zimapatsiranso ana awo zidindo zambiri kudzera m'mbeu. Mu 1744 Carl Linnaeus wa ku Sweden adafotokoza duŵa la Linaria la maonekedwe achilendo limene lidamuzunguza mutu. Patapita zaka 255, mu 1999, gulu la Enrico Coen ku Norwich lidapeza kuti m'maluŵa otere jini loumba duŵa lidangotontholetsedwa ndi zidindo zimene zinkapitirira ku mbeu. Alimi a ku Malaysia nawo adaona kuŵaŵa kwa nkhaniyi. Mitengo ya kanjedza ya mafuta imene idachulukitsidwa m'malabotale kuchokera ku mitengo yobereka bwino, ina idabala zipatso zopunduka za mafuta ochepa, ndipo mlimi ankazindikira mtengo utakula kale. Mu 2015 kudapezeka kuti vutolo lidachokera pa kufufutika kwa zidindo pa jini lodumpha limodzi lotchedwa Karma, ndipo kudakhala kotheka kuyeza mbande zisanaokedwe.

Nyama za msana, zimene zidayamba zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo, zidatsata njira ina: zidadinda pafupifupi DNA yonse. Mwa munthu malo a CG 70 mpaka 80 mwa 100 alionse ndi odindidwa. Pakati pa nyanja ya zidindoyi pali tizilumba topanda chidindo, timene Bird adatifotokoza m'zaka za m'ma 1980, ndipo timapezeka pa khomo la majini oposa theka. Khomo lotere likadindidwa, jini limatsekedwa ndi mpiringidzo, pakuti mapuloteni oŵerenga amalephera kufikapo ndipo ena amabwera kudzakulunga malowo zolimba. Umu ndi m'mene kromozomu ya X ya Lyon ija imakhalira chete. Kaŵirikaŵiri jini limayamba latontholetsedwa ndi njira zina, chidindo nichibwera pambuyo kudzatsimikiza kuti lisatsegukenso.

Mu 1984 Azim Surani, wobadwira ku Kisumu ku Kenya, ali ku Cambridge, ndiponso James McGrath ndi Davor Solter ku Philadelphia, adasonyeza kuti mwana wa mbeŵa sangakule ndi DNA ya amayi aŵiri kapena ya abambo aŵiri. Chifukwa chake nchakuti pali majini oposa 100 amene amadindidwa mosiyana m'dzira ndi mu umuna, kotero kuti mwana amaŵerenga ena a kwa mayi okha ndi ena a kwa bambo okha. Ambiri a iwo amalamula kukula kwa mwana m'mimba. Mchitidwe wofananawo Jerry Kermicle adali atauona kale mu 1970 pa njere ya chimanga. Udayamba paokhapaokha m'zomera za maluŵa ndi m'nyama zoyamwitsa, mafuko aŵiri amene mayi amadyetsa mwana kuchokera m'thupi lake. Koma mosiyana ndi zomera, nyama zoyamwitsa zimafufuta zidindo zambiri kaŵiri pa mbadwo uliwonse: dzira litangokumana ndi umuna, ndiponso pamene maselo odzabala mbadwo wotsatira akuumbika.

Chimene mbiriyi itanthauza kwa odwala ndi kwa amayi

Chida chakale chotere chikasokonekera, thupi limavutika. Mu 1983 Andrew Feinberg ndi Bert Vogelstein a ku Baltimore adapeza kuti maselo a khansa ataya zidindo zambiri, ndipo pambuyo pake kudaonekanso kuti m'maselo omwewo makomo a majini ena oletsa zotupa amadindidwa molakwa. Mankhwala aja adafufuzidwa ndi Jones adavomerezedwa ku America mu 2004 pochiza matenda ena a m'mafuta a m'mafupa, mmene mumapangidwa magazi. Mu 1999 gulu la Huda Zoghbi ku Houston lidapeza kuti matenda a Rett, amene amagwira makamaka ana aakazi nawalanda kulankhula ndi kugwira zinthu, amayamba puloteni yoŵerenga zidindo yotchedwa MeCP2 ikaonongeka.

Methyl amene selo limadinda amachokera ku chakudya, ndipo kuti apangidwe pamafunika zinthu monga folate wa m'ndiwo zamasamba ndi nyemba, ndi vitamini B12 wa m'nsomba, mazira ndi nyama. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945 nkhondo idadzetsa njala yoopsa kumadzulo kwa dziko la Netherlands. Mu 2008 ofufuza adapeza kuti anthu amene mimba yawo idayamba m'njalayo adali ndi zidindo zocheperapo pa jini la kakulidwe lotchedwa IGF2 kusiyana ndi abale awo a mimba imodzi, patapita zaka 60. Ku Gambia, m'midzi yozungulira Keneba, kafukufuku wa 2010 ndi 2014 adasonyeza kuti zidindo za pa majini ena a ana zimasiyana malinga ndi nyengo imene mimba idayamba, ya mvula kapena yachilimwe. Kusiyanaku nkochepa, ndipo sikutanthauza kuti njala ya agogo idadindidwa mwa adzukulu mpaka kalekale, pakuti kufufuta kwa mbadwo uliwonse kuja kumachotsa zambiri. Komabe kukugwirizana ndi langizo la azaumoyo lakuti chakudya cha mayi chisamalidwe mimba isanayambe ndi m'masabata ake oyamba, popeza ndiyo nthaŵi imene zidindo za mwana zimadindidwa mwatsopano.

Kuchokera pa chilembo chokayikitsa cha mu 1925 kufika lero, akatswiri aphunzira kuti kamtolo ka maatomu anayi kameneka kasintha ntchito kangapo. Bakiteriya amadinda DNA yake kuti asaidule. Chimanga chimadinda majini odumpha kuti asadzuke. Yisiti idataya chidindocho ndipo ikukhalabe bwino. Thupi la munthu lidachisunga, ndipo limalipira mtengo wake m'zolakwa za zilembo, koma nacho selo la chiŵindi limakhala la chiŵindi kuyambira m'mimba mpaka mu ukalamba.